Kabatani Kamene Kanatsekera Madzi Kunja

Kale wotchi yapamkono inkaopa madzi ngati mchere. Madziwo ankalowera pakabatani kopukusira wotchiyo, dzimbiri n'kuyamba m'kati.

Mu 1925, Paul Perregaux ndi Georges Perret a ku Switzerland anatulukira kabatani komanga ngati sikuluwu. Hans Wilsdorf wa Rolex anagula lusoli, ndipo mu 1926 wotchi ya Oyster inatuluka. Chaka chotsatira, Mercedes Gleitze anaikoleka m'khosi posambira mu English Channel. Patatha maola oposa 10 inali ikuyendabe. Wilsdorf, pochenjera pamalonda, anakailengeza patsamba loyamba la Daily Mail.

Pa mawotchi amasiku ano, chotchinga madzi kwenikweni ndi timphira tam'kati mwa kabatanika, osati mphamvu za dzanja. Okonza mawotchi amangomanga ndi zala mpaka kabatani kaime, chifukwa kukakamiza kumadya mazinga n'kuphwanya timphirato.