Kufuula ndi Kukhala Chete: Mbiri ya Tizidutswa ta Mafunde a Wailesi

Mbusa wa ng'ombe akafuula pafupi ndi phiri, mau ake amagunda thanthwe nabwerera kwa iye. Koma akafuula kosalekeza sangawamve mau obwererawo, pakuti liu lake lomwe limamtseka makutu. Ayenera kufuula mwachidule, kenaka akhale chete. Mbiri imene tikambe lero yagona pa nzeru imeneyi.

Nyumba youlutsira mau imatumiza mafunde ake mosadukiza. Koma m'chaka cha 1925 akatswiri aŵiri a ku Washington, a Gregory Breit ndi a Merle Tuve, anawadula mafundewo m'tizidutswa, nawaloza kumwamba. Iwo ankafuna kupima kutalika kwa thambo lina losaoneka limene limabweza mafunde pansi, lomwe lija limatithandiza kumva mawailesi a maiko akutali pa shortwave. Mafunde a wailesi amayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Tsono ngati kachidutswa kabwera patapita gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi, ndiye kuti kayenda makilomita 300 kupita ndi kubwera, ndipo thambolo lili pa makilomita 150. Nthaŵi inasanduka muyeso wa mtunda.

Patapita zaka khumi, boma la Britain linagwidwa ndi mantha chifukwa cha ndege za nkhondo za ku Germany. Pa 26 February 1935 a Robert Watson-Watt ndi a Arnold Wilkins anaimika galimoto m'munda wina pafupi ndi Daventry, pamene panali makina a BBC oulutsira mau kunja, natchera chida cholandirira mafunde. Ndege ya mtundu wa Heyford itadutsa, chidacho chinasonyeza mafunde obwerera kuchokera ku ndegeyo. Ife a ntchito youlutsa mau timanyadirako pang'ono kuti makina a anzathu ndiwo anagwira ntchito tsiku limenelo. Komabe tinene zoona: mafunde a BBC anali osadukiza, motero anangoulula kuti ndege ilipo, osanena kuti ili patali bwanji. Pofuna kudziŵa mtunda, akatswiriwo anabwerera ku tizidutswa tija, ndipo m'mwezi wa June chaka chomwecho, ku Orford Ness, anaiona ndege ili pa mamailosi 17.

Umu ndimo inabadwira radar ya Chain Home, imene inalondera gombe la Britain pa nkhondo ya m'mlengalenga ya 1940. Nsanja zake zinkafuula ka 25 pa sekondi, ndipo kufuula kulikonse kunkatenga ma microsecond ngati 20. Microsecond ndi gawo limodzi la magawo 1,000,000 a sekondi. Nthaŵi yonse yotsalayo makinawo ankangomvetsera.

Nanga n'chifukwa ninji akatswiri analimbikira kukafupikitsabe kachidutswako? Pa ma microsecond 20 mafunde amayala makilomita 6. Ndege ziŵiri zotsatana, zotalikirana mosakwana makilomita 3, zimaoneka ngati imodzi, chifukwa mafunde obwerera kwa yachiŵiri amaloŵerera pa a yoyamba. Kachidutswa ka microsecond imodzi kamalekanitsa zinthu zotalikirana mamita 150 okha. Kwa mlonda woŵerenga adani, kusiyana kumeneku n'kwa moyo ndi imfa. Chida cha magnetron, chimene a John Randall ndi a Harry Boot anachiyesa ku Birmingham mu February 1940, chinadzathandiza kutulutsa tizidutswa tamphamvu ta mafunde aafupi, a masentimita ngati 10.

Pali gawo lina la mbiriyi limene mabuku ambiri amangolidumpha, ngakhale ine ndiliona lofunika ndithu. Radar ikagontha makutu siinena; galasi lake limangooneka loyera, monga ngati kumwamba kulibe kanthu. Ndipo sikutheka kuulutsa ndege m'maŵa uliwonse kuti muone ngati makina akumva. Choncho panafunika chida choyesera, chotchedwa signal generator, chimene chimanamiza radar mwadala. Chimadikira kuti radar ifuule, chiŵerenge ma microsecond amene mmisiri wasankha, kenaka chitulutse kachidutswa kofooka, konga kochokera ku ndege yakutali. Mmisiri amachepetsa mphamvu yake pang'onopang'ono mpaka kazimiririke pa galasi, ndipo pamenepo amadziŵa malire a makutu a radaryo. Kampani ya Hewlett-Packard, imene inayamba mu 1939 ku Palo Alto, inali imodzi mwa zimene zinapanga zida zotere pa nthaŵi ya nkhondoyo.

Chovuta pa chida chimenechi sikutulutsa mafunde ayi, koma kuwatsekera. Chitseko chake chiyenera kutseguka ndi kutsekeka msanga kuposa utali wa kachidutswako, apo ayi kachidutswa kamatuluka kopanda mutu kapena mchira weniweni. Chikatsekekanso chisasiye mpata, pakuti cholandirira cha radar chimamva ngakhale timafunde todontha pakhomo, ndipo mmisiri angalembe m'buku kuti makina ali bwino pamene ali ogontha.