Mtovu wa Kabwe ndi Mawindo Amitundumitundu

Ife a ku Mpima tikaona mawindo amitundumitundu m'matchalitchi akuluakulu, timangoti ndi za Azungu. Koma tiyeni tione zopangira zake. M'zaka za m'ma 1200, amisiri opanga mawindo a tchalitchi cha Chartres ku France ankasungunula mchenga ndi phulusa la nkhuni, n'kuthiramo cobalt kuti galasi likhale la buluu, kapena mkuwa kuti lifiire. Kenako ankalidula tizidutswa, n'kutilumikiza ndi timizere ta mtovu, chifukwa mtovu ndi wofewa, suvuta kupinda.

Mkuwa ndi cobalt zimakumbidwa ku Copperbelt. Nanga mtovu? Pamgodi wa Broken Hill, dzina lakale la Kabwe, ankakumba mtovu ndi zinc kuyambira 1906 mpaka 1994. Fakitale ya magalasi tinalinso nayo pafupi, Kapiri Glass Products, koma inkapanga mabotolo.

Chuma chinakwera sitima, luso silinabwere. Chomwe chinatsala ndi fumbi la mtovu ku Kasanda, Makululu ndi Chowa, lomwe limawononga ubongo wa ana. Achinyamata, phunzirani ntchito ya magalasi, koma mukagwira mtovu muzisamba m'manja. Kuno kwathu tinaona kale zomwe umachita.