Thupi lonenepa: dzulo ulemu, lero nkhani ya dokotala

M'midzi ya ku Nsaru, Kabudula ndi Namitete, kunenepa kunali mbiri yabwino. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, pamene A.F. Barron anayamba kulimitsa anthu fodya ku Mbabzi, mlimi wogulitsa bwino ankadziwika ndi njinga yake komanso masaya a mkazi wake. Mwana wamkazi akabwera kudzaona makolo, azakhali ankamugwira mkono, n'kuutsina pang'ono: "Mwanenepatu, akukusungani bwino bambowo!" Koma akawonda, mkamwini ankakhala ndi mlandu kwa ankhoswe.

Edzi itapezeka m'Malawi mu 1985, kuwonda kunasanduka chinthu choopsa. Wotsika thupi ankalozedwa chala kuti ali ndi kaliwondewonde. Njala ya 2002 inawonjezera manthawo, ndipo ma ARV aulere atayamba mu 2004, chizindikiro choyamba choti munthu wadzuka chinali thupi kubwerera.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Kafukufuku wa boma wa 2015–16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyezo. Shuga ndi BP, zomwe kale zinkatchedwa matenda a mabwana, zinalowa m'mudzi.

Kunja, madokotala anali atayamba kale kulimbana ndi kunenepa kopyola muyezoku ndi mpeni. Mu 1966, Edward Mason wa ku Iowa, ataona kuti odwala zilonda zam'mimba omwe adulidwa chifu sankanenepanso, anayambitsa gastric bypass. Lero dokotala amasiya kachifu kokula ngati dzira n'kukalumikiza kumatumbo, chakudya n'kumalambalala chifu chachikulu. Thupi limatsika kwambiri ndipo shuga amagonja mwa ambiri, koma munthuyo amamwa mavitamini moyo wake wonse.

M'zaka za m'ma 1980 kunabwera lamba womanga kukhosi kwa chifu, yemwe amatha kumangitsidwa, kumasulidwa kapena kuchotsedwa. Anthu anamukonda poti sadula kanthu, koma amatsitsa thupi pang'ono, ndipo ambiri ankabwereranso kutebulo la opaleshoni lamba ataterereka. Masiku ano opaleshoniyi sichitika kawirikawiri.

Njira yomwe yafala kwambiri ndi sleeve gastrectomy. Pafupifupi magawo anayi mwa asanu a chifu amachotsedwa, ndipo njala imachepa chifukwa mbali yotulutsa mahomoni oyambitsa njala imapita nawo. Matumbo sakhudzidwa, koma chodulidwacho sichibwerera, ndipo ena amavutika ndi kutentha pamtima.

Maopaleshoni onsewa ndi a anthu onenepa moika moyo pachiswe, ndipo amafuna ndalama zambiri. Koma kuno kwathu, pachipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chimene masisitere a ku Luxembourg anatsegula mu 1959, mayi wa BP amapimidwa pasikelo, kulandira mapiritsi, n'kuuzidwa achepetse mchere, mafuta ndi mitanda ya nsima. Vuto limakhala kunyumba, komwe akangotsika thupi, apongozi amafunsa ngati akudwala.