Khunyu: Makhalidwe Ochepetsa Kugwa

Khunyu ndi matenda a mu ubongo. Si ufiti ndipo si opatsirana. Bungwe la WHO limati odwala 7 mwa 10 alionse angathe kusiya kugwa akamalandira mankhwala oyenera. Choncho tikulangiza odwala a ku Nkando kuti azimwa mankhwala awo, monga phenobarbitone, tsiku ndi tsiku ngakhale akupeza bwino, pakuti kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa kugwa koopsa. Asanathe, akatenge ena kuchipatala chapafupi kapena cha boma ku Mulanje. Azigona mokwanira, apewe kachasu ndi mowa wina uliwonse, ndipo malungo azithamangira nawo kuchipatala. Asamaphike pamoto kapena kusamba kumtsinje ali okha.

Wina akagwa, timugoneke chammbali, osamuika kanthu m'kamwa. Kugwako kukapitirira mphindi 5, timutengere kuchipatala. Akatekisiti, phunzitsani zimenezi m'miphakati.