Wopereka Mankhwala Ayenera Kuphunzira

Titalandira ufulu mu 1975, Apwitikizi ambiri odziwa mankhwala anachoka. Pa 24 Julaye chaka chomwecho, boma linatenga zipatala zonse. Mu 1977 linalemba mndandanda wa mankhwala ofunika m'dziko lathu.

Koma mankhwala amafuna munthu wowadziwa, pakuti akapyola muyeso amapha. Choncho boma linatumiza anyamata ndi atsikana kumasukulu a zaumoyo, monga ku Maputo ndi ku Beira. Kumeneko anaphunzira maina a mankhwala, muyeso wake ndi kasungidwe kake. Wopambana mayeso analandira chikalata, natchedwa técnico de farmácia.

Wosadziwa kuwerenga sakanalowa m'sukuluzo. Ifenso kuno ku Angónia tiphunzire, kuti tikalandira mankhwala a mwana ku Ulónguè, tiziwerenga tokha muyeso wake.