Nkhalango za m'midzi: zinachokera kuti, zinafa bwanji, zikubwerera motani

M'chaka cha 1926 boma la atsamunda ku Nyasaland linaika lamulo lolola mudzi uliwonse kupatula chigawo cha tchire kuti chikhale nkhalango yake. Malowo ankalembedwa m'kaundula, koma mwini mphamvu anali nyakwawa. Wofuna nsichi, mapaso kapena luzi ankayamba wakaonekera kwa mfumu. Mkulu wa zankhalango wa nthawi imeneyo, J.B. Clements, anailimbikira kwambiri ntchitoyi, ndipo pofika 1940 midzi inali itapatula mahekitala pafupifupi 69,000.

Komatu kusunga msitu sikunabwere ndi mzungu. Pitani ku Lilongwe, Dowa kapena Mchinji lero: pakati pa minda yoyera mbee mudzaona kamsitu kobiriwira, mitengo yake ikuluikulu. Amenewo ndi manda, ndipo palibe mlonda wa boma anayamba waimapo. Ku Nsanje, msitu wa Khulubvi, komwe kuli kachisi wa Mbona, wasungidwa ndi mwambo kuchokera kalekale. Lamulo la 1926 linagwira msanga chifukwa linapeza anthu odziwa kale kuti pali malo ena pomwe nkhwangwa siloledwa.

Kasamalidwe ka nkhalango za m'midzi sikanali kodula. Mitengo ya chilengedwe monga tsamba, mombo, muwanga ndi msuku siilira mbande kapena machubu. Ukaidula, chitsa chimaphukira chokha, bola usachizule, usachitenthe, mbuzi zisabudule nsonga. Ntchito ya mudzi inali kulambula m'malire dzinja likatha, kutentha udzu msanga usanaume gwa, ndi kupatulira mphukira kuti patsale ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Malipiro ake ankaoneka m'mbale: bowa mvula ikagwa, masuku, mphalabungu, uchi, ndi mankhwala a ana.

Ufulu utabwera mu 1964, maso a boma anatembenukira kwina. Chuma chinkaoneka kuti chili m'mitengo yobzala, ndipo ku Chikangawa kunadzazidwa paini pa mahekitala oposa 50,000. Alangizi omwe ankayendera midzi anachepa. Mitengo ya pa malo a mafumu inapita m'manja mwa makhonsolo, kenaka mu 1985 boma lenileni linaitenga. Tsiku lobzala mitengo lomwe Dr Kamuzu Banda anakhazikitsa mu 1976 linaphunzitsa ana a sukulu kukumba maenje a bulugamu ndi malaina, zomwe zinali zabwino ndithu, koma mtengo wachilengedwe unasanduka wa boma. Mayi wokatola nkhuni kuseri kwa mudzi wake ankathawa mlonda. Apa ndi pomwe zinthu zinasokonekera: munthu sangadzuke usiku kukazima moto m'nkhalango yomwe akuletsedwa kudyamo. Nkhalango za midzi zinali zoposa 5,000 mu 1963. Pofika 1994 zinatsala zosakwana 1,200.

Panalinso zina zofinya mitengo. Minda ya fodya inkafuna nkhuni ndi milimo ya zigafa. Anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo ku Mozambique anafunika pogona ndi pophikira ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena. Ndale za zipani zambiri zitafika, ena anamva ngati ufulu ndiwo kudula chilichonse, ndipo phiri la Ndirande linametedwa mpala anthu a mu Blantyre akuona.

Boma linavomereza kuti lokha silingathe. Ndondomeko ya zankhalango ya 1996 ndi lamulo la 1997 zinabwezera midzi mphamvu, nthawi ino kudzera m'makomiti osankhidwa ndi anthu, ogwira ntchito limodzi ndi mfumu. Ngakhale nkhalango za boma zinayamba kugawidwa m'mabuloko oti midzi yozungulira izisamalira ndi kupindulamo. Chimaliro ku Kasungu ndi Liwonde ku Machinga ndi komwe anayesera koyamba. Ku Kam'mwamba, m'boma la Neno, anthu anayamba kuweta njuchi ndi nkhanga, ndi kufinya chakumwa cha malambe ndi bwemba, kuti mtengo woimirira ubweretse ndalama kuposa wogwetsedwa.

Sikuti zonse zayenda. Makomiti ena amakhala moyo pomwe pulojekiti ilipo, ndalama zikatha nawonso zii. Kwina komiti ndi mfumu amalimbirana chindapusa, kwina buku la ndalama limadziwika ndi anthu atatu okha. Ndipo mdani wamkulu amachokera kutali ndi mudzi: mbaula za m'tauni. Matumba a makala omwe amakwera njinga usiku pa msewu wa Zalewa amakathera m'makhitchini a ku Blantyre. Lamulo linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakula, koma wophika akusowabe china chotsika mtengo.

Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030. Mbande zobzala pa mwambo wa nduna sizingakwanitse zimenezi. Inu a dipatimenti ya zankhalango, fulumizani kusainirana mapangano ndi midzi yomwe yapatula kale malo ake. Inu mafumu ndi makomiti, werengani ndalama za nkhalango pabwalo, aliyense akumva, ndipo amayi omwe amatola nkhuni akhale nawo pokonza malamulo.