Kodi batire latsala ndi moto wochuluka bwanji? Funso lakale ku Chiradzulu

Ku Chiradzulu kulibe nyanja, moti munthu atha kubadwira ku Namitambo n'kukalambira komweko osakwerapo boti. Komabe usipa umene amayi amaunjika pamsika wa Mbulumbuzi kapena pa Thumbwe masiku ano, wambiri umagwidwa ndi moto wa batire. Asodzi a kunyanja ya Malawi amakopa usipa ndi kuwala, usiku wopanda mwezi. Makolo awo ankayatsa miuni ya udzu, kenaka kudabwera nyali zopopa za parafini, za Tilley zija. Lero m'madoko ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, siginala, msodzi wokopa usipayo, amapalasa bwato lake atanyamula batire longa la galimoto ndi mababu a LED. Mababu akazima anzake asanakoke ukonde wa chilimira, mafuta onse a injini apita pachabe. Choncho limene siginala amadzifunsa dzuwa likamalowa ndi funso lomwelo limene mabanja a ku Chiradzulu akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 70: batire ili latsala ndi moto wochuluka bwanji?

Mabatire oyamba kufika kuno sadali a anthu wamba. M'zaka za m'ma 1890 atsamunda adakoka waya wa telegalafu pakati pa Blantyre ndi Zomba, ndipo mawaya a nthawi imeneyo ankayendera mabatire a madzi, mitsuko ya galasi yondandalikidwa m'maofesi a boma. Anthu a John Chilembwe wa ku Mbombwe adaidziwa ntchito ya mawaya otere. Ataukira atsamunda usiku wa pa 23 Januwale 1915, adadula mawaya a lamya kuti uthenga uchedwe kufika kwa asilikali.

Batire lidalowa m'nyumba ya mlimi kudzera pa wailesi. Harry Franklin, yemwe ankayang'anira zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, adagwirizana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo, imene idayamba kugulitsidwa mu 1949. Idatchuka ndi dzina loti Saucepan Special chifukwa inkaoneka ngati sefuliya. Inkagulidwa mapaundi 5, batire lake masheleni 25, ndipo batirelo linkatha patadutsa maola pafupifupi 300. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkalankhulanso Chinyanja, ndipo inkamveka mpaka ku Nyasaland. Amuna obwerera kuchokera ku Salisbury ndi ku Joni ankafika ndi wailesi m'sutikesi, ndipo MBC itakhazikitsidwa mu 1964, timawailesi tating'ono, kuphatikizapo ta Nzeru topangidwa ku Blantyre, tidafalikira m'midzi.

Mita yoyesera batire nthawi imeneyo idali khutu. Mawu a muulutsi akayamba kusasa ndi kupita kutali, bambo ankadziwa kuti mabatire akutha. Nkhani za madzulo zikatha, ankawachotsa n'kuwabisa kuti ana asawathere pa nyimbo. M'mawa ankawayanika padenga kapena pamwala, ena ankawaluma ndi mano kapena kuwagogoda, ena n'kulawa nsonga ya waya ndi lilime kuti amve ngati ikuthethetsa. Kuyanika kunkathandizadi pang'ono, poti kutentha kumafulumizitsa mankhwala a m'kati, ndipo batire lopuma limayambanso mwamphamvu. Koma dzuwa silinkabwezeramo moto. Wailesi inkalira bwino mphindi zochepa n'kusasanso. Apa mpamene anthu adayamba kuona khalidwe la batire limene likuwavutitsabe mpaka lero: poyambira limaoneka lamphamvu kuposa mmene lilili.

Batire la galimoto, la mtovu ndi asidi, ndi lakale kuposa galimotoyo. Gaston Planté wa ku France adalipanga mu 1859, ndipo Camille Faure adalikonza mu 1881 kuti lizipangika lochuluka. Kumidzi ya ku Chiradzulu lidafika mochedwa, ndiponso lidafika lotopa. Ambiri adali mabatire amene maminibasi ndi malole a mu Limbe adawasiya chifukwa sankalizanso injini. Kanema wa TVM atayamba mu 1999, chaka chomwe Celtel idabwera kudzapikisana ndi kampani ya mafoni imene lero ndi TNM, batire lotere lidasanduka chuma. Linkayendetsa kanema wa zithunzi zakuda ndi zoyera, zimkuzamawu za kutchalitchi ndi paukwati, makina ometera, komanso kutchaja mafoni a mudzi wonse.

Padabadwa ntchito yatsopano. Pamalo a malonda pamene padafika magetsi a ESCOM, monga pa Njuli, pa Namadzi ndi pa boma, padapezeka anthu otchaja mabatire. Mnyamata ankamanga batire pakaliyala ya njinga ndi malegeni, kupalasa mtunda wautali, asidi akudonthera pathalauza n'kuliboola. Batire linkagona kumeneko tsiku limodzi kapena awiri, litalembedwa dzina la mwini wake ndi choko kapena penti. Likabwera kunyumba n'kutha mpira usanathe, mkangano unkabuka. Mwini wake ankati wotchaja adalichotsa msanga kuti aikepo la wina. Wotchaja ankati magetsi adazima, kapena kuti batirelo n'lakufa kale. Kawirikawiri onse awiri ankanena zoona.

Njira yodziwika yothetsera mkanganowo idali yothethetsa. Wotchaja ankagunditsa waya kapena sipanala pamitu iwiri ya batire, moto n'kuthetheka, iye n'kunena kuti, mwaona, ladzadza. Njirayi ndi yoopsa, chifukwa batire longochoka kumene patchaja limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika. Ndiponso siuza munthu kanthu: ngakhale batire lotsala pang'ono kufa limathetheka.

Otchaja odziwa ntchito yawo, makamaka amene adagwirako m'magalaja, adali ndi hydrometer. Ndi kachubu ka galasi kokhala ndi mpira kumutu, m'kati muli kanthu koyandama kolembedwa manambala. Munthu amatsegula zitsekerero zisanu ndi chimodzi za batire, kuyamwa madzi a chipinda chilichonse ndi mpirawo, n'kuona pamene kanthuko kaima. Batire likadzadza, asidi amakhala m'madzimo ndipo madzi amalemera, pafupifupi 1.27. Likamatha, asidi amalowa m'mapuleti, madzi n'kupepuka kutsikira cha ku 1.12. Chipinda chimodzi chikasiyana kwambiri ndi zinzake, ndiye kuti chafa, ndipo kutchaja ngakhale sabata yathunthu sikungachidzutse. Pa zida zonse zimene zadutsa m'manja mwa otchaja, kachubu aka ndi kamene kankayesa chinthu chenichenicho, osati chizindikiro chake chabe. Koma kankanamizidwa ndi chinyengo cha anthu ena othira asidi watsopano m'batire lakufa kuti aligulitse, pakuti madzi ankalemera koma babu silinkakhalitsa.

Kenaka zinthu zidasintha mwaliwiro. Kalembera wa 2008 adapeza kuti mabanja oposa 8 mwa 10 aliwonse m'Malawi ankaunikira parafini, koloboyi ali mfumu ya usiku. Parafini atasowa m'nthawi ya mavuto a mafuta a 2011 ndi 2012, matochi otsika mtengo a ku China adalanda malo. Pofika kalembera wa 2018, mabanja ounikira parafini sankakwana 2 mwa 100, oposa theka ankadalira mabatire, ndipo a magetsi a ESCOM adali pafupifupi 11 mwa 100 okha. Chiradzulu, boma laling'ono la anthu oposa 350,000 loyandikana ndi Blantyre, silidatsalire. Masola adayamba kuoneka pamadenga a malata ngakhale a udzu, ulendo wa panjinga uja udachepa, ndipo pakhoma padapachikidwa kabokosi kotchedwa kontirola, kokhala ndi galasi loonetsa manambala ndi chithunzi cha batire cha timizere.

Anthu adaganiza kuti funso lija layankhidwa. Ayi ndithu.

Kabokosi kotsika mtengo sikaona moto umene uli m'batire. Kamangoyesa mavoliti n'kuyerekeza. Batire la mavoliti 12 likapuma maola angapo, osatchajidwa ndiponso osayatsa kanthu, limaonetsa 12.6 kapena 12.7 ngati ladzadza, cha mu 12.2 ngati lili patheka, ndipo likatsika pansi pa 12.0 ndiye kuti latsala pang'ono. Kusiyana kwa kudzadza ndi kutha n'kosakwana voliti imodzi. Tsono masana dzuwa likuswa mtengo, sola imakankhira mavoliti ku 13 kapena 14, timizere tonse n'kudzadza ngakhale batire lili patheka. Madzulo akayatsa kanema kudzera pa inveta, mavoliti amagwa nthawi yomweyo, kabokosi n'kunena kuti latha pomwe motowo ulipo. Onjezani mawaya opyapyala olumikizidwa ndi pulasitiki ya shuga, ndi mitu ya batire yochita ufa woyera, ndiye kuti nambala imene ikufika pagalasi si imene ili pabatire.

Palinso vuto la nyengo ya kuno. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikakuta phiri la Chiradzulu, pamatha masiku angapo kukuwaza mvula ya mawawa, dzuwa osaoneka. Batire limagona ndi njala, ndipo likakhalitsa losadzadza, mapuleti ake amachita chikhungu cholimba cha mtovu wosakanikirana ndi asidi, chimene sichisungunukanso. Limakhala ngati ndowa imene matope aumira pansi: imadzadza msanga chifukwa malo a madzi achepa. N'chifukwa chake batire lokalamba ndi limene limafulumira kuonetsa kuti ladzadza, 9 koloko m'mawa timizere tili tonse, koma osafika pakati pa usiku. Batire la galimoto limafa msanga koposa pantchito yotere, chifukwa mapuleti ake ndi opyapyala, opangidwira kuliza injini kwa kamphindi, osati kukamidwa usiku wonse.

Zaka zaposachedwapa zidaonetsa kufunika kwa nkhaniyi. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ngakhale a m'tauni adathamangira mabatire ndi mainveta. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adagumula phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe. Mvula idagwa masiku otsatizana, magetsi adazima, masola sadaone dzuwa, ndipo foni yoitanira chithandizo idadalira moto umene udatsala m'batire.

Eni maboti akuluakulu, a alendo ndi a makampani, amagwiritsa ntchito mita ya mtundu wina, monga za Victron ya ku Netherlands. Pawaya wa negativu amaikapo kachitsulo kotchedwa shunt, ndipo mita imawerenga moto uliwonse wolowa ndi wotuluka, n'kumachotsera kapena kuonkhetsa. Ndi nzeru yabwino kuposa ya kontirola, koma nayo imanama, ndipo mabodza ake ali ndi magwero odziwika. Mmisiri akalumikiza pampu kapena tchaja molunjika kumutu wa batire, kulambalala shunt, mita siona moto umenewo. Ngati batire silidzadza kwenikweni kwa masabata angapo, mita imasowa poyambira kuwerenga, ndipo timaphonyo ta tsiku ndi tsiku timaunjikana. Nthawi zina zimachitika mosiyana: mtambo ukaphimba sola, moto wolowa umachepa, mita n'kuganiza kuti batire lakhuta, n'kudumphira pa 100.

Bodza lalikulu limachokera pa nambala imene mwini wake adailowetsa tsiku loyamba. Tinene kuti pabatire palembedwa 100Ah, koma chifukwa cha ukalamba likusunga 60 yokha. Akagwiritsa ntchito 50, mita imati theka latsala, pomwe kwatsala 10. Ngakhale 100 yolembedwayo ili ndi malire ake: imatanthauza ma ampeya 5 kwa maola 20. Wilhelm Peukert wa ku Germany adaonetsa mu 1897 kuti ukamakoka moto mwaliwiro, batire la mtovu limapereka wochepa. Siginala amene waonjezera mababu kuti apose anzake pa kuwala samangotha moto msanga chifukwa cha kuchuluka kwa mababuwo, batire lenilenilo limachepa mphamvu. Mabatire a lithium amene ayamba kulowa m'masitolo a mu Limbe ali ndi lawo vuto: mavoliti ake sasuntha kwenikweni kuyambira atadzadza mpaka atatsala pang'ono kutha, kenaka amangozima mwadzidzidzi.

Chodandaulitsa n'chakuti hydrometer ikutha ntchito. Mabatire ambiri a sola amabwera omata, opanda zitsekerero, ndipo ena a galimoto ali ndi kadiso kobiriwira kamene kamaona chipinda chimodzi chokha mwa zisanu ndi chimodzi. Amisiri osamala, kaya pa Njuli kaya padoko la Msaka, atsala ndi njira ya babu ndi wotchi. Amadzadza batire, kuchotsa mawaya onse, kupala mitu mpaka iwale, n'kulisiya ligone usiku. M'mawa amayesa pamitu penipenipo ndi multimeter, kenaka n'kulumikiza babu la kutsogolo kwa galimoto la mawati 55, limene limadya ma ampeya pafupifupi 4 ndi theka. Batire la 100Ah lamoyo liyenera kuyatsa babulo maola 10, ndipo likapumanso lionetse cha mu 12.2. Limene babu lake lafiira patangotha maola atatu limapita kwa ogula zitsulo zakutha, amene salabadira zolembedwa pambali pake. Iwo amaliika pasikelo n'kulipira mtovu.